Njerwa za Tsabola

Lolemba

Ahedi andipatsa kalabu ya zachilengedwe. Ana makumi awiri a giredi 8 ndi lamulo limodzi: tulukani m'kalasi, kaphunzitseni anthu. Chabwino!

Mutu ndasankha ndekha: njovu. Mango apsa, ndiye zayambanso kulowa m'madimba a mbali ya ku eyapoti. Mankhwala ake alipo. Ndowe za njovu, tsabola wosinja, madzi pang'ono, kuumba ngati njerwa, kuyanika. Ukayatsa m'mphepete mwa dimba, njovu ikangonunkhiza utsiwo imabwerera.

Chionetsero: Loweruka, pabwalo la tchalitchi kuno ku Malota. Wotsegula ndi pemphero: Ba Phiri, mkulu wa mpingo, mwini dimba la kabichi, bambo ake a Tamala wanga.

Lamulungu amalume akupita kukandifunsirira mbeta kwa Ba Phiri omwewo. Zangokumana mwangozi? Iwe buku langa ukudziwa. Mdala uja amanditcha "kamnyamata ka choko". Ndikufuna andione ndili kutsogolo kwa anthu, nditavala tayi.

Lachiwiri

Ulendo wokatola ndowe. Tanyamula wilibala imodzi, masaka anayi, fosholo yopanda mpini.

Ana khumi ndi awiri adwala m'mimba nthawi imodzi. Zodabwitsa!

Wa takisi wayang'ana ine, wayang'ana masaka. "Ba ticha, motoka yanga inyamula bazungu, osati matuvi." Tayenda wapansi. Dzuwa la kuno silidziwa kuti munthu ali ndi dipuloma.

Mutinta, mlembi wa kalabu, akulemba chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga. Ndatukwana wilibala itagwa, walembanso. Mwana wakhama, apita patali.

Lachitatu

Taumba njerwa makumi atatu. Tsabola yemwe ahedi atipatsa ndi wochepa, wongokwana kuthira mu ndiwo za kapenta. Komabe ndaiwala n'kupukuta nkhope ndi dzanja. Giredi 9 ndayiphunzitsa misozi ili chuchuchu. Pofika masana sukulu yonse ikuti Tamala wandikana.

Njerwazo taziyanika pa mpanda, m'mbali mwa njira ya ku tchalitchi.

Lachinayi

Zatsala khumi ndi zisanu ndi zitatu!

Malota, Malota! Ndinaiwala kuti anthu kuno amayatsa ndowe za njovu m'nyumba pothamangitsa udzudzu. Wina wapeza zoumbidwa kale, zosalala, zaulere, n'kunena kuti Mulungu wayankha. Ndowe zomwe ndinakankha ndekha pa wilibala!

Mutinta: "Tilembe chikwangwani cha chenjezo, ba ticha?"

Chikwangwani cha chiyani? Ndathamangira kumsika, ndagula thumba lonse la tsabola wakale, wouma, uja woti ungomuyang'ana n'kuyetsemula. Ndaumba zisanu ndi imodzi zapadera, zopyapyala kuti ziume lero lomwe. Ndaziika pamwamba penipeni, poti munthu wodutsa asavutike kutambasula mkono.

Ndauza ana: "Wakuba sitimufunafuna. Tidzamumva ndi chifuwa."

Ndakondwa zedi. Ndine munthu woipa.

Lachisanu

Zapita zonse zisanu ndi imodzi! Ndavina ndekha kuseri kwa ofesi.

Ana ayenda khomo ndi khomo kuitanira anthu za mawa. Ndawauza kuti atchere khutu. Abwera ndi izi:
wotsokomola, palibe;
agalu owathamangitsa, atatu;
mayi wina akufunsa ngati padzakhala zakumwa.

Tamala sakuyankha foni. Watumiza uthenga: "Tili kuwasha makatani na mabulangeti yonse. Osabwela."

Taonani banja laulemu! Akukonzekera kulandira amalume. Tayi ndasita.

Loweruka

Anthu abwera ambiri. Olima madimba, amayi a chigwirizano, ahedi pa mpando wa pulasitiki. Ana afola bwino, njerwa zotsala zili pa tebulo.

Ba Phiri afika mochedwa, atavala magalasi akuda. Sindinawaonepo ndi magalasi. Ndawagwadira, angogwedeza mutu.

Aimirira. "Tiyeni tipemph..."

Kokho! Kokho! Kokhooo!

Ayesanso. Chifuwa chakana. Kumbuyo kwawo Mai Phiri ayetsemula kanayi, mphuno ili psuu.  Ndikufunafuna Mutinta ndi maso, ndikumupukusira mutu, ndikumupempha mumtima.

Dzanja lake lili kale m'mwamba, buku lotsegula.

"Ba ticha, tabapeza! Munakamba kuti wakuba tizamumva na chifuwa!"

Mitu yonse yatembenukira kwa Ba Phiri.

Kenako mayi wina wa chigwirizano waphulika, n'kubisa nkhope m'chitenje. Bwalo lonse lamutsatira. Ana akuwomba m'manja, akuganiza kuti phunziro layamba.

Ba Phiri avula magalasi. Maso ngati matimati. "Aphunzitsi, tsabola uja munaonjezera dala?"

 Mutinta watembenuza tsamba: "Thumba lonse."

Pemphero silinathe. Zolankhula zanga, masamba anayi, zikadali m'thumba. Olima madimba alimbirana njerwa zonse pa tebulo. Mmodzi wandigwira dzanja: "Ngati zachita so bamudala ba mpingo, njovu ni ndani?"

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndati mutu ukuwawa. Mutinta akanakhalapo akanalemba kuti ndanama.

Amalume anyamuka atavala jekete, abwera lisanathe theka la ola. Tiyi sanapatsidwe. Akuti anakhazikidwa panja chifukwa mipando ya m'nyumba idakali pa dzuwa. Yankho la Ba Phiri: munthu wofukiza mkulu wa mpingo m'nyumba mwake akafunsire mbeta kwa njovu.

Ndinati, "Nanga za kuba?" Amalume ayankha: "Mpongozi saba, mphwanga. Amatola."

Ahedi aimba foni, akondwa. Akuti anthu sanamvetsepo phunziro chonchi, ndipo kalabu ndi yanga mpaka kalekale.

Tamala: "Osanitumila foni. Badaddy bakali kukhosomola, ine nikali kuseka, bangaone."

Zikundiwawa, sindinama. Njerwazo ndinaziumba ndekha, ndi manja angawa, ndikuimba nyimbo. Amalume akuti tidzayesenso mvula ikatha, mwina ya chaka chamawa.

Mawa kalabu ikumana. Mutu: kubzala mitengo. Choyamba tisankha mlembi wina.