Makaniko Akwere Kumbuyo

Alamu anga aja sankakhulupirira chinthu asanachiyese. Ukawapatsa mpando, ayambe augwedeza, aukhalire ndi thako limodzi, akaona kuti sunalire ndiye akhale. N'chifukwa chake msewu wathu wonse unkawatchula a Tiyesekaye. Kometa tsitsi ankafika m'mawa n'kukhala pabenchi kuonerera mitu ya anzawo. Wometa akati, "Bwerani bambo," iwo amvekere, "Metani kaye awa, ndione ngati makutu atuluke onse awiri." Ambulera anakaiyesa pampopi wa kuseri kwa sitolo asanaigule. Ngakhale malemu mng'ono wanga anamuzungulira zaka, mpaka ine ndinawafunsa kuti, "Alamu, mukufuna mkazi, kapena mukudikira akalambe muone mmene adzaonekere?"

Koma misala yeniyeni inali pa pikapu yawo. Inali yoyera kalekale, pa nthawi ndikunenayi inali itasanduka mtundu wa tiyi wothira mkaka pang'ono. Chitseko cha kumanzere ankamanga ndi waya. Inkanyamula njerwa, mabedi a osamuka, ndi odwala onse a mumsewu mwathu. Lamulo lake linali limodzi. Makaniko aliyense wogwira injini, akamaliza, akwere kumbuyo pamodzi ndi njerwa, galimoto ikwere chitunda. Ikazima panjira, atsike, akankhe yekha.

Chitundacho muchidziwe. Ife timakhala kumunsi, chipatala chachikulu chili kuseri kwake. Chaka chimenecho mlatho wa msewu wozungulira unali utapita ndi madzi, ndipo timagalimoto ting'onoting'ono tinkakana chitunda chifukwa cha maenje ndi matope. Ndiye pikapu n'kuyamba ulesi. Pakati pa chitunda, pamtengo wina wouma, izikhosomola, utsi wakuda, kenako zii.

Mdzukulu wanga, amene ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira, anali ndi pakati. Anamwino anandikokera pambali n'kundiuza mosabisa kuti mwana wagona chopingasa, sangabadwire kunyumba kapena kuchipatala chaching'ono. Anatipatsa tsiku loti akagonekedwe, koma anati matenda akayamba msanga, tithamange, tisayime ngakhale kutseka chitseko.

Ndinapita molunjika kwa alamu.

"Galimotoyi mukonza liti?"

"Ndikusankha makaniko, alamu. Injini siperekedwa kwa aliyense."

"Mimba sidikira zosankha zanuzo."

"Tiyese kaye."

Makaniko woyamba anabwera ndi kompyuta m'chikwama, malaya ake oyera. Anagwada pansi pa chiwongolero, kusuzumira uku, kusuzumira uko, n'kudzuka akuseka. "Bambo, pobaya chingwe cha kompyutayi palibe. Galimoto iyi inabadwa makina angawa asanaganiziridwe." Anatsanzika mwaulemu. Ameneyo ndinamukonda, sanatitayire nthawi.

Wachiwiri ankatchedwa Mphezi, wapakamwa ngati wailesi. "Madala, ndikaigwira ine, apolisi azingoona fumbi!" Anaboola ekizozi, n'kutsegulira pampu ya dizilo mpaka kumapeto. Atailiza, agalu a msewu wonse anathawa, ana kulira, galasi la pawindo langa kunjenjemera. Alamu anangoloza kumbuyo. "Kwerani." Ine ndinaima pansi pa chitunda manja ali m'chiuno. Inakwera ikubangula ngati ikukamenya munthu, kufika paja imazimira, n'kuzima. Kenako inayamba kubwerera chambuyo. Mphezi sanakankhe. Analumpha, n'kulowa m'tchire, kusiya nsapato imodzi panjerwa. Alamu anaimitsa galimoto poigunditsa kuchiguma, n'kutsika nkhope ili gwa.

"Walephera," anatero, ngati tonse tinalibe maso.

Masiku otsatira ankadzuka m'mawa kuzungulira magalaja, kukhala pamatayala akale kuonerera amakaniko, ngati kometa kuja. Mimba ya mdzukulu wanga inali itatsika. Ndinawatchingira njira tsiku lina.

"Alamu, mwana uyu chikamuchitikira chinthu, ine ndi inu sitidzapatsananso moni mpaka kumanda."

Koma mawa lake anabwera ndi munthu. Ndikati munthu ndikuchepetsa. Chitseko cha geti anachita kutsegula mbali zonse ziwiri. Anzake ankamutchula Thanki. Anafika akupuma ngati wathamanga, pomwe anangotsika panjinga yamoto, ndipo mawu ake oyamba anali opempha mpando.

Ndinawakokera alamu kuseri. "Ameneyu mwamusankha bwanji? Mwaona ntchito yake?"

"Ndaona mimba yake."

"Mwapenga?"

"Ganizani, alamu. Munthu wa thupi limeneli angafune kukankha galimoto pachitunda? Aikonza ndi mtima wake wonse."



Thanki sanalonjeze kanthu. Anaimvetsera injini, n'kufunsa kuti imanyamula chiyani, imapita kuti. "Liwiro iwalani, bwana. Iyi ndi nkhalamba. Ndingofuna izikoka." Kenako anaiphwasula. Pampu panja, mapaipi panja, tizitsulo ting'onoting'ono kuyala pathumba ngati matumbo a nkhuku. Ankagwira ntchito atakhala, mthunzi ukasuntha nayenso asunthe ndi mpando wake. Ine ndizidutsa pamenepo ngati ndataya singano.

"Itha liti, bambo inu?"

"Ikatha, agogo."

"Galimoto yophwasula ndi yoipa kuposa yokhosomola. Mwana akayamba lero timunyamula pathumba lanulo?"

"Musandithamangitse, agogo. Wokankha ndine."

Tsikulo kunali kutagwa mvula m'mawa. Dzuwa litakwera, Thanki anatseka boneti, alamu anali atapakira kale njerwa zoyesera. Ine ndinali kuyanika zovala pamene ndinamva beseni likugwa kuseri. Ndinamupeza mdzukulu wanga atagwira khoma, madzi ali pansi, maso ali psuu.

Sindikumbuka kuti ndinathamanga bwanji ndi mawondo angawa.

"Alamu, matenda ayamba! Lizani galimoto!"

Anandiyang'ana, kuyang'ana galimoto, kuyang'ana chitunda. Milomo inayamba yokha. "Tiyese ka..."

Ndinatola njerwa. "Malizani mawu amenewo, muone."

Sanamalize. Azimayi a mumsewu anali atafika kale, ena kuponya njerwa pansi kuti papezeke malo, ena kubwera ndi matiresi. Tinamugoneka kumbuyo, ine n'kukhala chomuikira mutu pamiyendo. Ndipo ndinaona Thanki akutsetsereka chakugeti ndi bokosi lake la masipanala.

"Ine ntchito ndamaliza, bwana. Muyende bwino."

"Kwerani," anatero alamu.

"Alamu!" ndinakuwa. "Tachotsa njerwa kuti ipepuke, inu mukukwezanso nyumba yonse?"

"Lamulo ndi lamulo. Kwerani!"

Mawu awo ankanjenjemera. Ndinali ndisanawamvepo choncho. Munthu amene sanakhalepo pampando wosayesa ankapita kukakwera chitunda ndi injini yosayesa, atanyamula miyoyo iwiri. Thanki anawayang'ana, n'kukwera. Galimoto inachita kugwada.

Injini inalira mosadzionetsera, ngati munthu wong'ung'udza nyimbo akulima. Tinayamba kukwera. Mdzukulu wanga anandifinya dzanja mpaka ndinamva mafupa.

"Agogo, ndikufa."

"Sufa pa njerwa za alamu. Puma."

Ine maso anali pamtengo wouma uja wa pakati pa chitunda, pamene inkazimira nthawi zonse. Tikuuyandikira, alamu anatsitsa giya, injini n'kutsitsa mawu. Sinazime. Koma matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, matope kuuluka, galimoto kuyamba kupotokera chakudzenje. Pagalasi ndinkaona khosi la alamu lili thukuta lokhalokha.

"Tsikani mukankhe!" ndinamukalipira Thanki.

"Injini sinazime, agogo! Sinazime!"

Mantha okankha ndi amene anamupatsa nzeru. Anakwawa pamwamba pa njerwa, n'kudzigwetsa ndi thupi lonse pamwamba penipeni pa tayala limene linkazungulira. Galimoto inabuula, tayala n'kuluma pansi. Inagwedezeka kamodzi, kawiri, kenako mtengo wouma uja n'kuyamba kutsalira m'mbuyo. Thanki anagona chafufumimba akukumbatira chitsulo, akuyankhula ndi injini ngati mwana wake. "Koka, mayi. Koka, usandichititse manyazi."

Kuchipatala anamulandira pakhomo ndi bedi la matayala, molunjika ku opaleshoni. Tinakhala pabenchi atatu. Alamu anakhala osaligwedeza benchilo, ndinaona. Patapita nthawi anamwino anatuluka n'kuti mwana wabadwa, ndi wamkazi, ndipo mayi ake ali bwino, koma tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina.

Thanki anapukuta nkhope ndi chipewa n'kutembenukira kwa alamu. "Ndiye bwana, ndakhoza?"

Alamu anaganiza kaye. "Njerwa zinali zosakwana. Tiyesanso."

Khandalo alamu anakana kulinyamula mpaka atayesa kaye ndi njerwa yokulunga m'thaulo, kuzungulira nayo pabwalo masiku angapo. Ndipo Thanki sanauzidwepo kuti wakhoza. Zaka zonsezo palibe makaniko wina anaigwira galimoto ija, ndipo nthawi iliyonse Thanki ankakwera kumbuyo, kufika pamwamba, kufunsa funso lake. Tsiku lina mphepo inathandiza, tsiku lina msewu unali wouma kwambiri. Chifukwa sichinkasowa.

Imfa yokha ndiyo alamu sanaiyese. Anadwala miyezi, kuonda mpaka malaya kumawalendewera, ndipo masana ena anangogona pampando wawo osadzukanso. Manda nawonso ali kuseri kwa chitunda. Bokosi tinalikweza papikapu, mwana wawo wamwamuna pachiwongolero. Palibe anamuuza Thanki kanthu. Anabwera yekha, imvi zili mbuu, n'kukwera kumbuyo. Ine ndinakhala mbali inayo ndi kamtsikana kanabadwa tsiku lija, kali m'yunifolomu ya sukulu.

Tinadutsa pamtengo wouma injini osakhosomola ngakhale kamodzi. Titafika pamwamba, Thanki anagogoda bokosi ndi chala.

"Nanga lero, bwana?"

Ndinawayankhira ine. "Akanati katundu wachepa. Apepuka ndi matenda."

Thanki anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye kuseka kutatha.

Pano mlatho anaukonza, pikapu ili pansi pa mtengo, nkhuku zimaikira mazira pampando wake. Pabenchi la kometa anthu amangofika n'kumetedwa ngati nkhosa. Amagula maambulera osawatsegula. Dzulo kunyumba kwa mdzukulu wanga anandipatsa mpando watsopano, ndinangozindikira ndikuugwedeza, n'kuukhalira ndi thako limodzi. Unali wolimba bwinobwino. Koma woti ndimuuze panalibe.