Mwano wa Che Swaibu Unkaitana Ambulansi

Che Swaibu, telala wa pa Ntaja, anafa osapatsapo munthu moni. Ndayamba ndi zimenezi kuti musaganize kuti ndabwera kudzawayamikira. Munthuyo anali ndi pakamwa poipa. Ukati "Mwaswera bwanji?" ankakuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kukufunsa ngati wabwera kudzasoketsa kapena kudzawatchingira kuwala. Ine anandisokerapo buluku mwendo wina waufupi, ndipo nditadandaula anati vuto ndi miyendo yanga. Ngakhale anyamata a chipani, aja ankatseka msika pofuna makhadi, khonde lawo ankalidutsa mothamanga.

Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo imene inali ndi lamya yokhayo m'dera lathu, ija yopukusa ndi dzanja. Munthu akadwala kwambiri tinkathamangira pamenepo kukaitana ambulansi ya kuchipatala chachikulu. Tsono ife tinaleredwa bwino. Sungayambe nkhani usanafunse za ana ndi za mvula, ndipo sunganene kuti wodwala ali pafupi kufa, chifukwa akafadi anthu adzafunsa kuti iwe unadziwa bwanji. Munthu ngakhale atatembenuza maso, timati akumva m'thupi pang'ono. A kuchipatala nawo akangomva "pang'ono" ankati galimoto ilibe mafuta, tiyesenso mawa.

Tsiku lina a Chester anafika thukuta lili kamukamu, mkazi wawo Zaina atavutika ndi pakati kuyambira dzulo lake. Anavula chipewa pamaso pa lamya n'kuyamba malonje. Anali atafika pofunsa ngati kumeneko chimanga chamera, pamene Che Swaibu anaimitsa makina n'kuwatsomphola lamyayo.

"Iwe, tamvera. Mayi akufa kuno, ndi mwana yemwe. Ukachedwa ndibweretsa mitembo iwiri ndidzaigoneke patebulo pakopo."

Ambulansi inatulukira fumbi lili koboo, tiyi wa mwini sitolo asanazizire. Zaina anachira, ndipo mwanayo lero ali ndi ndevu. Koma a Chester sanathokoze. Anakadandaula kwa shehe kuti telala watemberera banja lawo, ndipo kuyambira pamenepo zovala ankakasoketsa ku Liwonde.

A Jasten nawo anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mwendo. Tinawanyamula pachitseko mpaka pasitolo. Che Swaibu anauza a kuchipatala kuti mutu waphulika, ubongo uli pansi ndipo nkhuku zayamba kujompha. A Jasten atamva anayamba kudzipapasa kumutu uku akulira. Dalaivala atafika anafunsa za ubongowo, ndipo Che Swaibu anati asavutike kuufunafuna, chifukwa bambo wa imvi wokwera mumtengo kufuna mango osapsa analibe ubongo kuyambira kale.

Tinkawada, ndisakunamizeni. Amayi ankabisa ana akamadutsa pamenepo, ena ankati ndi mfiti yodziwa tsiku la aliyense. Koma mwana akayamba kukomoka, omwewo ankapita kukaima pafupi ndi makina, n'kumatsokomola, kudikira kuti telala apse mtima. Palibe amene ankawapempha poyera. Iwo ankayamba atukwana ife, kenako atukwana lamya, galimoto n'kubwera.

Tsiku lawo linafika masana, msika uli m'kati. Anangotsamira pamakina, n'kutsetserekera pansi atagwira pachifuwa. Tinawagoneka pamphasa pakhonde pomwepo, ndipo anthu anakankhira kutsogolo a Ambrose, aphunzitsi opuma, munthu waulemu kuposa tonse. A Ambrose anapukusa lamya, anakonza pakhosi, nayamba moni. Anafunsa za ana. Anapepesa chifukwa chosokoneza anthu pantchito.

Che Swaibu ankamva zonse, koma mawu aja ankagwedeza malata anali atatha. Anakoka mwendo wa buluku la a Ambrose n'kunong'ona.

"Uwauze kuti ndikufa, chitsiru iwe."

A Ambrose anatseka lamya ndi chikhatho. "Iyayi, Che Swaibu, musadzitemberere. Mulungu alipo." Kenako anauza a kuchipatala kuti kuno kuli bambo wina amene akumva m'chifuwa pang'ono, ndipo ngati mpata ungapezeke tingathokoze.

Tinalipo anthu odzaza khonde, ndipo tonse tinagwedeza mitu kuti aphunzitsi alankhula bwino.

Anatisiya dzuwa lisanalowe. Kwa Asilamu maliro sagonekedwa nthawi yaitali, choncho m'mawa mwake tinakawaika. Tikubwerera kumanda tinapeza ambulansi itaima pasitolo, dalaivala yemwe uja akudya nthochi. Anafunsa kuti wodwala ali kuti. Titamuuza, anasiya kutafuna. Anati kuchipatala onse ankadziwa kuti nkhani ya ku Ntaja ikakhala yoopsa imabwera ndi mwano, ndiye atamva moni wabwino chotero anaganiza kuti palibe chothamangira.

Sindinganene kuti ndimawasowa, buluku lija likundiwawabe. Koma khonde lija linazizira. Pamalo pa makina anaikapo matumba a mchere, ndipo ana amadutsa osaopa. Lamya inakhalapobe zaka zingapo, ife n'kumaipatsa moni waulemu ndi kuifunsa za mvula. Amene tinawanyamula pachitseko pambuyo pake, ambiri a iwo tinabwerera nawo kumudzi pachitseko chomwecho, ali mitembo.