Sabata ya Buku la Chinjoka

Lolemba

Ndaganiza, ndipo palibe wondibweza. Chisomo, mwana wanga woyamba, akupita ku sukulu yogonera komweko ku Chipata Lamulungu likubwerali. Asananyamuke, banja lino lichite chinthu chimodzi pamodzi ngati anthu.

Buku ndili nalo. Ndalipeza m'thumba la jekete, m'belo la zovala zakale za salaula lomwe ndamasula lero ku msika. Ndi la Chingerezi, la ana. Kamtsikana katengedwa ndi chinjoka cha mapiko, mayi wake akukalondola wapansi kudutsa mapiri. Ndawerenga mitu iwiri pa benchi mpaka kasitomala watopa kundiitana. Mphunzitsi wina wogula malaya akuti bukuli lili ndi filimu yake.

Dongosolo lake nali:
- Lero mpaka Lachisanu, kuwerenga tikatha kudya. Chisomo awerenge, ine ndizimasulira.
- Loweruka, filimu. Ife asanu basi, chitseko chotseka.
- Mafoni onse m'beseni.

Bambo a Chisomo akuti, "Zili bwino, amake Chisomo," maso ali pa foni.

Tayamba. Tsamba lachitatu, munthu wamkulu akuliza mkonono.

Lachiwiri

Mvula pa malata. Chisomo akuwerenga, ife tikungoona milomo ikugwedezeka. Ndikumasulira mokuwa ngati ndikuitanira malonda.

Mvula itaduka, Mabvuto, wanga wachiwiri, wayamba mafunso. Chinjoka chimadya chiyani? Nanga chikafuna kudzithandiza chili m'mwamba? Ndamuuza kuti bukuli silinalembedwere zimenezo. Taonga, wazaka zisanu, tsopano akukana kupita kuchimbudzi yekha, akuti m'dzenjemo muli chinjoka.

Bambo lero ali maso, ndipo bola dzulo lomwe. Akuti, "Iyo ni njoka? Kwathu ku Magodi nsato inameza thole lonse la ng'ombe." Basi, nkhani ya nsato. Kutalika kwake, amene anaiona, amene anathawa, mwini thole. Ana kukamwa yasaa. Ine ndakhala ndi buku pamiyendo, chala chili pa mzere womwe tinalekezera, mpaka chachita dzanzi.

Tawerenga masamba anayi. Bukuli ndi lonenepa ngati njerwa.

Lachitatu

Masamba akumapeto kulibe.

Ndafunsa Mabvuto, walumbira. Ndafunsa Taonga, walira. Kenako bambo awo, modekha ngati akupereka moni: makala ananyowa, mbaula inakana kuyaka, madzi osamba anafunika. "Koma ninang'amba kumbuyo, kumene simunafike."

Akuyembekezera kuti ndiwathokoze.

M'nyumba muno muli makatoni, muli kalendala ya chaka chatha, muli mapepala a feteleza odzaza thumba. Iwo asankha mathero a buku langa. Ine mwini sindikudziwa ngati mayi uja amupeza mwana wake. Ku msika tsiku lonse mtima uli m'mapiri muja, ndapatsa munthu buluku la mwana m'malo mwa siketi.

Tawerengabe. Ine ndamasulira ndikuyang'ana khoma.

Lachinayi

Filimu ndapeza. Bambo wa kashopu ka mafoni pafupi ndi msika wandiikira pa fulashi. Ndamufotokozera bwinobwino: mtsikana, chinjoka, mayi. Akuti, "Niidziwa, mama, ni yamene iyo."

Pofika kunyumba, njinga pakhonde. Alamu, akulu awo a bambo a Chisomo, abwera kuchokera ku Magodi kudzatsanzikana ndi mwana. "Monire mose!" Chikwama chawo si cha munthu wogona tsiku limodzi.

Ndipo filimuyi akuti anaionera kale. Kawiri.

Ndawapempha mwaulemu wonse kuti asaulule kanthu. Avomera. Patapita kanthawi: "Mulamu, nizakambako chabe pang'ono, chinjoka chija pa lasti..." Ndawaikira mbale ya mango patsogolo kuti pakamwa pakhale ndi ntchito. Mango atsala ochepa. Sabata ikadalipo.

Kuwerenga kulibe lero. Anzake a Chisomo abwera kudzaona thiranki yake yatsopano, atsekerana kuchipinda, kuseka kokhakokha. Ndaima pakhomo ndi buku m'manja. Chisomo akuti, "Mailo, amama." Mawa, mawa. Ngati kuti mawa tili nawo ambiri.

Lachisanu

Tadumpha mitu yambiri kuti tifike pomwe pathera masamba. Mayi uja wafika paphanga la chinjoka, mapazi ali magazi okhaokha, wakweza dzanja kuti agogode pa mwala. Ndatembenuza tsamba. Chikuto.

Alamu atsegula pakamwa. Ndawayang'ana. Atseka.

China. Pa mjigo m'mawa, amake Tiza, oyandikana nafe, akundifunsa, "Mailo tibwele na mipando yathu, olo ilipo yokwana?" Mipando ya chiyani? "Ya kutambila filimu." Mabvuto walengeza mzere wonse wa nyumba zathu. Akuti wauza anzake awiri okha. Anzake awiriwo ali ndi amayi awo, amayiwo ali ndi pakamwa.

Ndakazinga mtedza wa anthu asanu ndi mmodzi. Sindiwonjezera ngakhale njere.

Loweruka

Ndawonjezera.

Dzuwa lisanalowe nyumba yadzaza. Ana pansi, amayi pa mipando yawo, abambo m'mawindo. Pali agogo ena omwe sindikuwadziwa n'komwe, akhala pa mpando wanga. Beseni la mafoni wina waikamo makoko a mtedza.

Filimu yayamba, ndipo zodandaula zanga ndi izi.

Choyamba, muli munthu wolankhula pamwamba pa azungu onse, m'Chinyanja, mawu amodzi omwewo kaya ndi mwana kaya ndi mfumukazi. Chinjoka wachipatsa dzina loti Bwana Zulu. Chikalavula moto, iye akuti, "Bwana Zulu adya mphilipili." Nyumba yonse kugwa ndi phwete. Pakati pa nkhondo akulengeza kuti amakonzanso mafoni.

Chachiwiri, mtsikana wa m'buku ndi wamanyazi, wa tsitsi losapesa. Uyu akumenya asilikali ndi mateche.

Chachitatu, ndipo ichi sindidzakhululuka. Mayi uja amupha. Poyambirira penipeni, tisanamalize n'komwe kugawa mtedza. Wangodwala, kutsokomola kawiri, manda. Mayi woyenda wapansi mapiri onse aja! M'malo mwake, wopita kukafuna mtsikana ndi galu. Galu wolankhula. M'buku mulibe galu ngakhale wa mchira wokha.

Ndaimirira kuti ndifotokozere anthu zoona zake. Amake Tiza akuti, "Nkhalani pansi, mwatichinga." M'nyumba mwanga.

Alamu akunena chilichonse chisanachitike. Bambo a Chisomo, omwe buku linkawagoneka, ali maso gwa, akuwombera galu m'manja. Chisomo ndinamusungira malo pambali panga. Wakhala pansi ndi anzake, akuseka mpaka misozi. Ndamuonera iyeyo kuposa filimu.

Galu wafika paphanga, wakweza phazi.

Magetsi azima.

Alamu aimirira pakati pa mdima, amaliza nkhani yonse ndi pakamwa, theka m'Chitumbuka, akuchita mawu a chinjoka ndi a galu omwe. Anthu awomba m'manja. Potuluka aliyense akuthokoza alamu.

Lamulungu

Tapita ku mapemphero a m'mawa, kenako ku siteshoni ya mabasi. Ndinakonza mawu oti ndimuuze Chisomo, mawu abwino, ndinawayeserera ndikusita yunifolomu yake. Kondakitala walanda thiranki, wamukankhira mwana mkati, minibasi yayamba kale kuyenda. Zomwe ndakwanitsa kunena ndi zoti asabwereketse sopo.

Watulutsa mutu pawindo. "Amama, musalile, anthu akuonani." Iyenso maso ali ofiira.

Ndalira ndithu. Aone.

Kunyumba makoko a mtedza mpaka pansi pa kabati. Kapu imodzi yasweka, mpando wa amake Tiza watsala, ndipo alamu akuti akhalako mpaka Lachitatu chifukwa njinga yaphulika tayala. Bambo a Chisomo andiphikira tiyi osawatuma, aika shuga wambiri, akhala pafupi nane. Ndamwa.

Patebulo ndatulutsa mbale monga mwa masiku onse. Imodzi ndabwezera m'kabati.

Ndisesa mawa.