Kujambula a Nampinga Asanapume

Lolemba

A Nampinga, mphunzitsi wathu wa mbiri yakale, akupuma pa ntchito Lachisanu lino. Ndamva ku ofesi m'mawa, mtima wangoti myuu! Buku la mbiri ndi limodzi sukulu yonse, ndipo theka linadyedwa ndi chiswe. Zotsalazo zili m'mutu mwa bambowa, makamaka phunziro lija la mmene makolo a ana athuwa anachokera ku Mozambique. Akapita, lapita.

Ine, mphunzitsi wa kompyuta wopanda kompyuta (kiyibodi ndinajambula pa katoni), ndapeza ntchito yeniyeni. Ndiwajambula pa foni!

Zofunika:
- foni (ilipo)
- moto wa mufoni (ndatchajitsa kwa ometa tsitsi pa Chiringa)
- choimikira foni (njerwa ziwiri ndi dasitala)
- a Nampinga eni ake

Avomera. Akuti: "Jambulani, aphunzitsi, koma musandikalambitse."

Lachiwiri

Abwera ndi suti! Tayi, nsapato zopolisha, imvi zonse zada usiku umodzi. Aima njoo patsogolo pa foni ngati akujambulitsa chiphaso. Chingerezi chokhachokha, mawu ouma, ana a Fomu 3 akuyasamula. Munthu amene amaiwalitsa ana nthawi ya buleki, lero akuwagonetsa tulo.

Pakapita mphindi zingapo akutembenukira kwa ine: "Kodi chayamba?"

Awa si a Nampinga amene ndikuwafuna.

Lachitatu

Nzeru zatsopano: ndabisa foni pawindo, kuseri kwa bokosi la choko. Zatheka! Avula jekete, ayamba kufunsa mwana aliyense mfunda wake ndi kumene agogo ake anachokera. Yemwe sakudziwa, homuweki yake ndi yomweyo. Ine kumbuyo ndikungomwetulira.

Kenaka mwadzidzidzi: "Tulukani nonse! Phiri silingalowe m'kalasi."

Kalasi yonse panja. Akuloza Michesi ndi ndodo, akujambula njira pa dothi ndi chala cha phazi. Ana maso onse ali pa chalacho. Inenso ndili pomwepo kukamwa yasaa, foni ndaiwala pawindo. Yajambula bolodi kwa mphindi makumi anayi, ndi nkhuku imodzi yomwe inalowa kudzayendera kalasi.

Lachinayi

Mvula. Pa malata athuwa ngakhale belu silimveka. Ine ndikanangolemba manotsi pa bolodi n'kukhala pansi. Iwo ayi. Akuyenda benchi ndi benchi, kuwerama, kunong'oneza ana atatu chigawo chimodzi cha nkhani, atatuwo akauze anzawo. Pofika kumapeto kalasi yonse yalumikiza nkhaniyo yokha. Ku koleji zimenezi anatiphunzitsa ndi dzina lalitali la Chingerezi, koma sindinaonepo munthu akuzichitadi. Ndikuwasirira bambowa, ndipo ndikuchita nawo kansanje.

Mufoni: mvula yokhayokha.

Latsala tsiku limodzi!

Lachisanu

Lero palibe zobisa, palibe njerwa. Foni ili m'manja mwanga, kumene apite ndili konko.

Tili pansi pa mtengo wa mango. Afika pa agogo awo aakazi, amene anawoloka malire ndi mwana kumbuyo, mbewu ya nandolo atamanga pansonga ya nsalu, n'kudzathera pa thangata m'minda ya azungu. Ayimitsa nkhani, avula chipewa.

"Tsopano titchula mayina a amene anatsala m'njira. Manja akhale opanda kanthu."

Ndi lamulo lawo la chaka ndi chaka. Zolembera pansi, makope pansi. Andiyang'ana ine. Ndingatani pamaso pa munthu wamkulu? Ndazimitsa foni, ndaiika pa udzu.

Ndiye atchula mayina, mmodzimmodzi. Ayamba nyimbo ya Chilomwe. Esinati, mtsikana wa kumbuyo amene amalumbira kuti Chilomwe sachidziwa, ndi amene wavomera koyamba, kenaka kalasi yonse. Ndalira, sindibisa. Foni ndaikumbukira belu litalira.

Loweruka

Njinga mpaka kwawo ku Chiwalo, mwina angabwereze. Ndawapeza m'munda akuthira feteleza, imvi zayamba kubwerera.

"Phunziro popanda ana? Ndiphunzitse chimangachi?"

Aseka mpaka kutsokomola. Andipatsa nkhwani, andiperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera tayala laphulika. Ndafika wapansi, nkhwani utafota.

Lamulungu

Zimene ndasungira mibadwo ya m'tsogolo:
- suti
- "Kodi chayamba?" (kasanu ndi kawiri)
- nkhuku
- mvula
- theka la agogo a a Nampinga

Basi. Ndalephera, ndipo zikundiwawa.

Potuluka m'tchalitchi ndapeza Esinati kuseri, atasonkhanitsa ana a Sande sukulu. Ndodo m'manja, akuloza Michesi, chala cha phazi chikujambula njira pa dothi. Ngakhale katsokomoledwe ndi ka a Nampinga! Ndapisa m'thumba msangamsanga, ndatulutsa foni.

Wandiona. Sanaseke n'komwe.

"Aphunzitsi, tafika pa mayina. Manja akhale opanda kanthu."

Ndaiika pa udzu, ndakhala pansi pamodzi ndi ana.