Aphunzitsi Mbwee ndi Thumba la Masika

Lolemba

Ndayamba! Woseka aseke.

Lamulungu likubwerali ndi la masika kutchalitchi kwathu, ndipo thumba la chimanga la banja lino ndisenza ndine, kuchokera pakhomo pano, chitunda chonse, mpaka patsogolo pa gome. Chaka chatha ndinagwa nalo pa sitepe yachitatu kwaya ili mkati mwa nyimbo. Thumba phuu, chimanga mbwee! Apongozi anga aamuna, omwe ndi mkulu wa mpingo, anangoyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Mpaka lero pa Kasakula amanditcha Aphunzitsi Mbwee. Ndimaseka nawo, koma zimandiwawa, ndisaname.

Zida zanga:
- chitsulo chachitali cha ngolo yakufa
- zitini ziwiri za penti zomwe ndinathiramo simenti, zobowola pakati (makilogalamu khumi chilichonse, malinga ndi sikelo ya venda wa chimanga)
- benchi yapakhonde
- mtima

Pafoni ndapeza mapulogalamu atatu onyamulira zitsulo. Ina ndi ya masiku asanu ndi limodzi pasabata, ya anyamata odzola mafuta pachifuwa. Ina ndi ya omwe anyamula kale chaka chathunthu. Ine ndasankha ya oyamba kumene: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kunyamula kasanu, kupuma, kunyamulanso, mpaka maulendo asanu, ndipo tsiku lililonse kuwonjezera kulemera pang'ono. Ndalemba sikimu papepala lalikulu la kusukulu mpaka Disembala, pamodzi ndi pulogalamu yomwe ndidzasamukireko ino ikadzandichepera. Kulembako kwanditengera maola awiri, mitundu itatu ya inki.

Mzungu wophunzitsa pafoniyo akuti woyamba ayambe ndi chitsulo chopanda kanthu. Chopanda kanthu! Bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, njira ya kumjigo ikudutsa kuseri kwa nyumba yanga, amayi onse akuona? Ndaika zitini zonse ziwiri. Chitsulo paphewa, kunyonyomala, kudzuka, kunyonyomala. Ndikupendekera kumanzere, sindikudziwa chifukwa chake.

Akazi anga, aNachisale, akudutsa ndi ndowa pamutu: "Musandiphwanyire benchi."

Lachiwiri

Miyendo iyi si yanga.

Kuchimbudzi ndathako mphindi makumi awiri: zisanu za ntchito yake, zotsalazo kufunafuna njira yodzukira. M'kalasi ndalemba theka lapamwamba lokha la bolodi. Choko chagwa pansi, ndachisiya pomwepo.

Lero ndi tsiku lopuma. Pulogalamu ikunena poyera kuti minofu imakula munthu akamapuma ndi kudya bwino. Ndiye ndadya mazira atatu. Ndikanadziwa bwanji kuti ndi a nkhuku yoyera ija yomwe aNachisale akufuna ifungatire?

Chakumadzulo andiitana kuti tikatute chimanga kumunda wa kutsidya. Ndawafotokozera modekha, sikimu ili m'manja, kuti lero sindiyenera kunyamula kanthu kolemera.

"Ndiye simunyamula chimanga chifukwa mukukonzekera kunyamula chimanga?"

Akanena choncho zikumveka zopusa. Koma sayansi ndi sayansi. Atuta okha, maulendo asanu ndi umodzi, ine ndili pakhonde kukulitsa minofu.

Ndiwo: nkhwani wopanda nsinjiro, wopanda tomato. Uthenga ndaumva.

Lachitatu

Tsiku lowonjezera! Makilogalamu awiri ndi theka. Koma tizitsulo ting'onoting'ono timeneto kuno tingapezeke kuti? Mwina ku Dzaleka, komwe akuti kuli jimu yeniyeni, koma nkutali. Ndamangirira mabotolo awiri a mchenga ndi malegeni, uku limodzi uku limodzi.

Zalero nzokankha chitsulo utagona chagada pabenchi.

Koyamba: bwino.
Kachiwiri: bwino ndithu.
Kachitatu: chitsulo chatsika, chakana kukwera.

Ndagona pamenepo, chitsulo pachifuwa, botolo likundigogoda khutu, mbuzi ikundiyang'ana uku ikubzikula. Kukuwa sindingakuwe, kunjira kuli anthu. Ndanong'ona dzina la aNachisale mpaka kasanu. Abwera, lichero kudzanja lamanzere, ndi lamanjalo atukula mbali imodzi, ine ndatsetserekera pansi.

"Mwatha? Benchiyo ndikufuna ndikhalepo potonola."

Tsoka silinunkha. Nthawi yomweyo apongozi atulukira panjinga. Ayang'ana chitsulo, ayang'ana zitini, ayang'ana ine ndili gada m'fumbi.

"Aphunzitsi, ngoloyi mukuikonza kapena yakugundani?"

Ndayankha kuti ndi masewera olimbitsa thupi. Akuti andikumbukira m'mapemphero.

Lachinayi

Ndatulukira chinyengo!

Lero a zaumoyo anabwera ndi sikelo ya ana pansi pa mtengo wa pasukulu. Atatha kuyeza makanda ndawapempha mwaulemu, ndabweretsa zitini zanga pawilibala. Tazikoleka chimodzichimodzi m'kakabudula kamene amakhazikamo ana. Amayi oyamwitsa aseka mpaka misozi. Mmodzi wafunsa ngati mapasawa analandira katemera.

Zotsatira:
- chakumanja: makilogalamu 14
- chakumanzere: makilogalamu 18

Khumi lija lili kuti? Sikelo ya venda! Zaka zonsezi ndimangomva alimi akudandaula, lero yadya mphunzitsi wa masamu. Ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga, kukayezetsa kwa munthu yemwe sikelo yake inabadwira kuchepetsa zinthu. Kwa iye chilichonse chosakwana thumba ndi khumi. Nchifukwa chake ndimapendekera kumanzere ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe.

Koma pali chabwino chake. Ndiye kuti kuyambira Lolemba ndakhala ndikunyamula zoposa zomwe ndinalemba. Ndine wamphamvu kuposa sikimu! Ndafufuta masabata atatu oyamba, mawa ndiyambira pa sabata yachinayi.

Ndauza aNachisale nkhani yabwinoyi. Akuti, "Oho."

Lachisanu

Mwera wadzuka ndi ukali, m'mawa wakanganula lata la kukhitchini. Pobwera kusukulu ndapeza chitini changa cha 18 chili padenga, chapsinja latalo. Wachikweza ndani? ANachisale, pamakwerero a nsungwi, okha. Sindinafunse zambiri.

Mphunzitsi sasowa chochita. Mbali yopanda chitini ndamangirirako thumba la chimanga losadzaza. Kulemera kwake sindikudziwa, ndipo kwa venda sindipitanso.

Zalero nzodzula chitsulo kuchokera pansi. Foni ikuti:
- mpweya m'mimba
- chifuwa patsogolo
- msana uwongoke

Ziwiri zoyambazo ndakumbukira.

Chamveka kuti thwa! cham'munsimu.

Sindinagwe ayi, zimenezo zilembedwe. Ndangotsala chowerama ngati munthu wofunafuna singano. Ndalowa m'nyumba choncho, ndadya choncho, ndipo ndikulemba choncho.

Kwatsala mawa lokha.

Loweruka

Pamphasa, chafufumimba. ANachisale andithowa ndi madzi otentha.

Chitsulo chapita. Pano ndi mpiringidzo wa khola la mbuzi, akuti chikukwana ngati anachita kuyeza. Chitini chotsala chikugwira chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Malegeni abwerera panjinga. Jimu yonse yapeza ntchito, kupatula mwini wake.

Ndafufuza pafoni zoyenera kuchita munthu akaleka kupita patsogolo. Akuti chepetsani pang'ono kulemera, muyambirenso. Ndiye ndapereka ganizo kwa aNachisale: bwanji mawa tikapereke theka la thumba?

"Mulungu anatipatsa mvula yatheka?"

Ganizo lachiwiri: ndidwale, ndisapite.

"Mupita. Bambo akafunsa ndikati chiyani, ngolo yakugundaninso?"

Thumba asoka kale, laima pakona, lodzaza mpaka kukamwa. Ndikaliyang'ana mtima ukuti phaa. Sikuti ndimafuna chifuwa cha anyamata odzola mafuta aja. Kwawo kwa aNachisale amuna onse ndi alimi a fodya, manja ngati makasu, ndipo ine chikwatirireni ndimangodziwika kuti mkamwini wa choko. Ndimafuna tsiku limodzi lokha bambo awo andione ndikufika pagome ndi katundu wa banja langa paphewa. Basi, zokhazo. Ndipo ndazilephera ndekha, popanda wondiloza.

Lamulungu

Belu loyamba. ANachisale apinda chitenje, apanga nkhata, aitana mnzawo woyandikana nafe kuti awasenzetse. Anyonyomala kamodzi, adzuka, thumba lili pamutu. Mpweya m'mimba, chifuwa patsogolo, msana wowongoka. Zonse zitatu, popanda foni.

Ine andipatsa dzungu limodzi.

Chitunda chonse ndili pambuyo pawo, dzungu ndalikumbatira pamimba, iwo akupereka moni kwa anthu ndi kufunsa za odwala, osatula. Pakati pa chitunda ndafunsa mwaulemu kuti kodi iwo anatsata pulogalamu yanji.

"Ndili ndi zaka zisanu amayi anandipatsa kachitini kotungira madzi. Chaka chilichonse kankakula pang'ono. Koma Lachiwiri sindinkapuma."

Pakhomo pa tchalitchi. Sitepe yoyamba. Yachiwiri. Pa yachitatu kwaya yatsitsa mawu, makosi onse atembenukira kwa ine. Ndadutsa!

Apongozi alengeza: "Banja la aphunzitsi, thumba limodzi ndi dzungu limodzi. Zonse zafika zosaphulika."

Anthu aomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ngati unali ulemu sindikudziwa, koma ndalandira. Manyazi alipo, kungoti achepako poyerekeza ndi a chaka chatha. Potuluka apongozi andigwira dzanja nkunena kuti dzungulo linali lalikulu ndithu. Ndathokoza. Ndikanatani?

Sikimu ndaichotsa pakhoma, aNachisale aiyala pashelefu ya mbale, Disembala ali pansi pa makapu. Foni ndaisiya. Ndapempha aNachisale kuti andiphunzitse ndiwo, ndipo avomera, bola ndisatsutse. Msana ukalola tizipita limodzi kumjigo m'mawa uliwonse, njira yomwe ija ya kuseri, amayi onse akuona.

Akuti sabata yoyamba ndisenze ndowa yopanda kanthu.