Nkhondo ya Mtengo wa Khirisimasi ku Mulhuddart

Tcherani khutu, inu a ku Tallaght ndi inu a ku Beaumont, mumve za chaka chimene mvula inagwa chopingasa Disembala yense, dzuwa n'kumalowa anthu asanaweruke, pamene nkhondo inabuka pa gulupu ya WhatsApp ya antchito a nyumba ina yosungira katundu ku Mulhuddart, m'dziko la Ireland.

Ngwazi yathu ndi Ambrosio wa ku Balaka, Njovu ya pa Fokolifiti yonyamulira katundu, Wokweza Mapaleti Osatuluka Thukuta, adimini wa gulupuyo. Makhirisimasi asanu mwamuna ameneyu anadya yekha m'kachipinda ka lendi, maso ali pakhoma, mkazi wake Wezi ndi mwana wawo Julia ali kumudzi kudikira mapepala oti amulondole. Koma chaka chimenechi mayi Rasa a ku Lithuania, oyang'anira shifiti, anaitana onse kudzadya kwawo pa 24 Disembala. Ambrosio anasita shati kudakali masabata awiri.

Koma abale, foni! Valdis wa ku Latvia, Ndevu za Mkuwa, anaponya chithunzi nalengeza kuti: "Dziko lonse lidziwe, mtengo woyamba wa Khirisimasi unaima kwathu ku Riga!"

Urmas wa ku Estonia, Mwala Wosalankhula, amene moni wa Lolemba amayankha Lachitatu, tsiku limenelo anayankha nthawi yomweyo: "Bodza. Ku Tallinn. Ife tinayamba makolo anu asanagwire nkhwangwa."

Eee, kunali fumbi! Kunauluka mamapu, zaka zamakedzana ndi tinkhope tofiira ta mkwiyo. A ku Lithuania, amene mlandu wa mtengo sunkawakhudza n'komwe, analowerera ndi supu wawo wapinki, ati a ku Latvia anawabera. Tsiku lachitatu mayi Rasa anagamula: "Anthu olumana ine sindiwaphikira. Phwando lafa."

Ambrosio mtima unamupweteka zedi. Tsono kwathu anthu akayambana, nkhoswe imawakumbutsa kuti magazi awo ndi amodzi. Njovu inaimika fokolifiti, inakonza kukhosi ngati ikuyankhula pamaliro, ndipo inalemba: "Abale anga okondedwa! Mukukanganiranji? Si inu ana a nyumba imodzi? Si paja nonse munali a Soviet, bambo wanu mmodzi, Russia? Gwiranani chanza!" Anaikaponso timanja topemphera.

Ine ndinali pambali pake, ndipo ndinangogwira pakamwa.

Kenaka mitundu itatu inadzuka pamodzi. Urmas analemba ndime zisanu ndi imodzi, kuposa mawu onse amene anayankhulapo chifikireni ku Ireland, ndipo Valdis, mdani wake wa dzulodzuloli, anamuombera m'manja! Onse anatuluka nakatsegula gulupu yawoyawo. Adimini anatsala ndi Ryan, dalaivala wa lole amene sawerenga mauthenga.

M'mawa mwake mayi Rasa anaitanira Ambrosio ku kantini, natulutsa chithunzi cha kamtsikana ka mpango kumutu.

"Awa ndi agogo anga. Amene mukuti bambo athuwo anawakweza sitima ya ng'ombe kupita nawo ku Siberia ali ndi zaka naini. Amayi awo sanabwereko."

Njovu inavula chipewa nigwada pasimenti, anthu akuona.

"Mayi, ndalakwa. Sindinkadziwa. Ine ndimangofuna tidyere limodzi."

Mayi Rasa anati: "Dzukani, mukundichititsa manyazi. Pa 24, sikisi koloko. Mudzaphunzira."

Motero linasainidwa Pangano la Mulhuddart, limene zidzukulu zidzalisimba: kuti Valdis akongoletse mtengo kumanzere ndi Urmas kumanja, kuti za supu zidikire chilimwe, ndi kuti nyenyezi ya pamwamba aike Ambrosio, popeza ndi yekhayo amene analakwira mitundu yonse mosakondera.

Patebulo panabwera mbale khumi ndi ziwiri monga mwa mwambo wa kwa mayi Rasa, koma nyama ng'oo! Munthu woyembekezera nkhuku ndi mpunga anakumana ndi nsomba yozizira ya mchere, bowa ndi mkaka wa timbewu takuda. Mbale iliyonse isanamufike Ambrosio ankaimirira n'kutchula malikulu a maiko atatuwo, Vilnius, Riga ndi Tallinn, ndipo akasokoneza, Valdis ndi Urmas ankamukalipira mogwirizana.

Pa mbale yachisanu ndi chiwiri Wezi anaimba foni.

"Bambo a Julia, mwadya chiyani chaka chino?"

"Sindikudziwa dzina lake, mayi, ndipo sichikukoma. Koma ndikuimbirani mawa. Anthu akundidikira kutebulo."