Odwala Anu Onse Ndi Okondwa, Malinga Thonje Lili M'kamwa

Kwa Bwana Mkulu wa Chipatala cha Mano,

Bwana, ndikufunsa chogwada: anakhazikitsa ndani lamulo loti wodwala tizimufunsa za umoyo wake akadali chagada pampando, thonje lili tho m'kamwa? Chindilembereni ntchito yodzaza mafomu miyezi isanu ndi itatu yapitayo, aliyense amangondiyankha kuti, "Tinazipeza choncho." A Sisitala anachita kuwonjezera kuti, "Mwana iwe, inki ya digiri yakoyo sinaume, khala pansi." Ndakhala pansi, bwana, ndipo ndikulemba kalatayi kuti ndithokoze. Chimwemwe chandifika m'khosi!

Choyamba, zikomo chifukwa cha luso lanu. Fupa la nsagwada yakumtunda likapyapyala, inu mumakankhira m'mwamba chipanda cha pansi pa mphako ya m'tsaya, pambali pa mphuno, n'kuthiramo ufa wa fupa kuti kachitsulo komangirapo dzino kagwire. Amisiri ena amakweza maziko a nyumba, inu mumakweza maziko m'mutu mwa munthu wamoyo. Ndikadakhala ndi mchira ndikadaugwedeza.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha fomu ija. Mukangomaliza kusoka, dzanzi lisanathe, ine ndimawerama n'kufunsa kuti, "Kodi mukutafuna bwino tsopano?" Wodwala amati, "Mmmh." Tsiku loyamba ndinakufunsani kuti mmmh ameneyu ndimuike pati, inu munati, "Chonga pa okondwa kwambiri." Lero odwala makumi anayi mwa makumi anayi ndi okondwa kwambiri! Mayi wina ankagwetsa misozi, munatilongosolera kuti ndi ya chisangalalo. Bambo wina ankagwedeza mutu mwamphamvu, tinamuchongera kawiri, kenako tinazindikira kuti amafuna mbale yolavuliramo. Kusukulu anatinamiza kuti munthu amafunsidwa pakatha miyezi, atatafuna, atayetsemula, atagona ndi tsaya lakelo. Zaka zinayi zanga zinapita pachabe.

Chachitatu, ndipo apa ndikulemba ndikuvina, zikomo chifukwa cha bambo woimba lipenga m'bandi ya maukwati uja. Patha miyezi isanu chimuchitireni opaleshoni, ndipo mwamupatsa mphatso imene sanapemphe: akamwa tiyi, wina amatulukira m'mphuno. Akauzira lipenga, mpweya umathawira komweko, lipenga n'kulira ngati mbuzi yachimfine. Tsaya ndi lotupa, fungo la mafinya silimuchoka. Anzake a bandi amuuza kuti mwezi uno ukatha asanachire atenga wina, ndipo munthuyu alibe ntchito ina, ana atatu amadya za lipengalo.

Wabwera kanayi. Ulendo womaliza munakumana naye pakhonde, munakweza ekisire yake ku dzuwa n'kunena kuti, "Kachitsulo kali nji! Chithunzi sichinama." Mkazi wake anati, "Adokotala, ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati chithunzi." Mwano wake mumukhululukire, sanaphunzire ngati ife. Sadziwa kuti fayilo ya mwamuna wake ili m'kabati ya ochira, ndipo wochira sapatsidwa tsiku loonana ndi dokotala. Angadwale bwanji munthu amene ine ndemwe ndinamuchongera kuti ndi wokondwa kwambiri?

Pempho langa ndi laling'ono, bwana, losayenera n'komwe kufika patebulo lanu. Lolemba m'mawa, ngati sikungakhale kutsitsa ulemu wanu, muike chithunzi pansi, mumuyasamitse bamboyu, muone kabowo ka m'nkhama kamene mkazi wake anakaona ndi tochi ya foni.

Poopa kukutopetsani ndi zosankha, ndayambapo kale. Fayilo ija ndaichotsa m'kabati ya ochira, ndipo bamboyu ndamulemba woyamba pa mndandanda wanu wa Lolemba. Chimwemwe chitandipitirira ndinaimbiranso okondwa ena makumi atatu ndi asanu ndi anayi aja. Khumi ndi mmodzi akubwera, ena ndi akazi awo. Ndabwereka mabenchi awiri: limodzi lili pakhomo la ofesi yanu, linalo ndaliika chopingasa pakhomo lakuseri.

Ine wanu wodzichepetsa, mwina mpaka Lolemba lomwelo,

Kalaliki wa mafomu